Limu la Njinga ya Silvesta

Patapita masabata atatu chiikireni maliro a Silvesta, mng'ono wake Edwin anasenza njinga kupita nayo ku Mbombwe kwa Che Lajabu, okonza njinga. Inali ya kabaza, yomwe Silvesta ankapalasa tsiku limene lole inamuwomba. Gudumu lakutsogolo linali litapindika ngati tsamba la mpiru lofota padzuwa. Mkazi wa malemuyo ndi ana awiri ankadyera njinga yomweyi, ndipo tsopano woipalasa anali Edwin.

"Mungoliwongola, Che Lajabu. Musasinthe kanthu."

Che Lajabu anaigadamitsa njingayo, naponda limu ndi chidendene, kenako anayamba kumanga masipoko uku, kukhwefula uko, akuwaliza ndi chala khutu lili pafupi. Atazunguza gudumu linayenda ndithu, koma pamalo amodzi linkapatuka n'kukhula buleki. Tswee. Tswee.

"Wamva? Chitsulo chikapindika sichiiwala, mphwanga. Lero ndichinyengerera, mawa pabampu chibwerera komwe chinakhotera."

"Ingotalikitsani mabuleki, lizidutsa."

"Iii! Ndiye pamtsetse wa ku Ndunde uziima ndi chiyani, pemphero? Zimenezo kutchalitchi kwanu uko, osati pano."

Edwin sanaseke. Anasisita limulo ndi chala. Silvesta ankalikwecha ndi phulusa Loweruka lililonse mpaka mbee, akumati anthu amakwera kwa iye chifukwa cha kuwalako, poti nkhope yokha Mulungu anam'mana. Malaya ndi nsapato zake achibale anali atagawana kale.

"Ili linali naye pamsewu paja," anatero Edwin chapansipansi. "Ife tonse kunalibe."

Che Lajabu anapukuta manja pa ovolosi. "Ndikudziwa. Ndinalimanga ndine gudumu limeneli. Koma mawa ukanyamula mayi wapakati, mwana wa eni ake. Dzanja langa lisakhalepo pamenepo."

Edwin anayang'anitsitsa gudumu lomwe linali litaima. Kenako anafunsa ngati habu ya pakati pa gudumu ndi masipoko zingalowe m'limu lina.

"Osathyokawo alowa."

Edwin anakhala pansi pafumbi natenga sipanala yekha. Anamasula masipoko pang'onopang'ono, akuwayala pathumba la feteleza. Limu litatsala lokha, lopepuka modabwitsa, Che Lajabu anatambasula dzanja kuti aliponye pamulu wa zitsulo zakutha. Edwin analikokera pamiyendo pake.

"Ili ndibwerera nalo kunyumba. Mangani linalo."