Nthochi Pambali pa Amayi

Mpanda wa asisitere ndi wa njerwa zofiira zoumba kalekale, Limbe asanadzaze anthu. Kunja kwake fumbi la Okutobala lili koboo. Lakuta malata adzimbiri, lakuta makonde a masitolo akale a amwenye, lakuta ndi tomato wa amayi ogulitsa m'mphepete mwa msewu. Makondakitala a minibasi amakuwa mpaka pachipata penipeni. Ukangolowa mkati, kuli zii.

Lusiyana wakhala pabenchi ya pakhonde kuyambira m'mawa, manja pamiyendo, maso pasimenti yopukutidwa mpaka kuchita psuu. Sakulira. Misozi anaidikira dzulo, waidikiranso lero, koma siikubwera. Mumtima mwake mwangoti zii ngati mumpanda momwemu. Achemwali ake, Sisitere Perepetuwa, agona m'katchalitchi kuseriko, atavala zoyera mbee, kolona m'manja.

Anabadwa awiri okha. Zaka makumi awiri Lusiyana wakhala m'kanyumba kogundana ndi mpandawu, kusoka mayunifolomu pakhonde, kuti azingomva belu la masana n'kudziwa kuti amene akukoka chingwecho ndi achemwali ake. Anakhalanso pomwepo chifukwa cha lonjezo. Amayi awo, ali pamphasa yawo yomaliza, anamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Uja anandichokera ali moyo. Akadzafa udzandibweretsere, adzagone pambali panga." Lusiyana anavomera. Munthu akutsirizika ungamukanire chiyani?

Uthenga wa maliro utafika kwawo ku Phalombe, amalume awo, a Mulipa, sanafunse munthu. Akanafunsanso chiyani? Mwana wa mbumba akamwalira amabwerera kwawo, basi. Adzukulu analawirira ndi makasu, nakumba pamalo pomwe panasungidwa pambali pa amayi aja. Dzenje lili yasaa, dothi lili mulu, anthu adzaza pasiwa.

Koma sisitere sabwerera kwawo. Tsiku lomwe anagona chafufumimba kutsogolo kwa guwa n'kuchita malumbiro osatha, anasankhiratu pogona pake pomaliza: kuseri kwa dimba la asisitere, pamzere wa mitanda yoyera yofanana msinkhu. Achibale tsiku limenelo anaimba nthungululu, anavina, anadya mpunga mpaka kumasula malamba. Zoti akupereka mwana wawo ndi mtembo womwe, palibe anazimva. Pa chikondwerero ndani amamvetsera zonse?

Mkulu wa asisitere, mayi wa imvi ndi mawu otsika, wafotokoza zonsezi mofatsa, ataika kapu ya tiyi pambali pa Lusiyana.

"Pepani mayi. Ndi mwana wathunso. Analemba yekha ndi dzanja lake."

Lusiyana anangoti, "Chabwino," ngati wauzidwa kuti malasha atha. Tiyi uja wazizira, ntchentche yatera pamlomo pa kapu. Maluwa a jakaranda akugwa limodzilimodzi pabwalo, sisitere wina akusesa, maluwa ena akugwanso, iye akusesanso. Masana akwana, ndipo belu lalira. Wakoka chingwe ndi wina, wofulumira dzanja, ndipo anthu kunjaku sanaone kusiyana kulikonse.

Foni ikulira m'chikwama. Ndi amalume.

"Iwe Lusiyana, galimoto yanyamuka? Anthu atopa kudikira kuno."

"Kulibe galimoto, amalume. Achemwali aikidwa konkuno mawa. Ndi lamulo la chipani chawo, ndipo anavomera okha."

Kumbuyo kwa amalume Lusiyana akumva azimayi akuimba nyimbo ya maliro, mawu a kwawo, okoka pang'onopang'ono.

"Nanga dzenjeli, mwana wa mlongo wanga? Ukudziwa kuti manda sitikwirira opanda kanthu."

Akudziwa. Dzenje la manda likasiyidwa kukamwa amati limaitana wina. Amadula thunthu la nthochi, n'kuligoneka m'menemo m'malo mwa munthu, n'kukwirira. Lusiyana akuona malo aja m'maganizo mwake, malo amene wawalambula chaka ndi chaka. Walephera lonjezo, ndipo akudziwa kuti walephera, koma ngakhale zimenezi sizikumupweteka. Ndi zomwe zikumuopsa.

"Dulani nthochi ya kuseri kwa khitchini ya amayi," akutero. "Muikulunge m'nsalu yabwino."

"Tamva."

"Ndiponso, amalume, poitsitsa muitchule dzina la achemwali, mokweza. Amayi paja maso anali atafa kale. Sakazindikira."