Ngodya Yachinayi ya Jeneza

Abdula atatuluka m'ndende, komwe adakhala zaka zitatu popanda mlandu, sadathe ngakhale sabata. Adamwalira Lachiwiri m'mawa kunyumba kwake ku Mbayani. Ife Asilamu maliro sitigoneka, choncho adayenera kusambitsidwa ndi kuikidwa dzuwa lisadalowe.

Mkazi wake, Shamsa, adayambira pakhomo panga. Akadayambira kuti? Ine Ahmad ndimadziwika kuti ndine wachifundo. Odwala ndimazonda, pamaliro ndimafika woyamba, ndipo Abdula adali mnzanga wa pamtima.

"A Ahmad, anzanu aja atisiya. Kulibe wowasambitsa."

Ndidasuzumira kunja. Pansi pa mtengo wa mango padakhala anyamata awiri a malaya ofiira a chipani, wina atagwira kope lolembamo maina a opita kumaliroko. Ndidaganiza za ntchito yanga ya ukalaliki m'tauni ndi ana anga asanu.

"Alamu, malungo andigwira zedi," ndidatero.

Adangofunda mpango wake n'kupita.

Amene adapita kumaliroko adali Hussain wogulitsa nyama, munthu woumira, woti ngakhale fupa sangakuponyere. Zaka khumi adakhala akulongolola ndi Abdula za ngalande ya madzi pakati pa nyumba zawo. Iyeyo ndiye adasambitsa mtembo, nauveka nsanda, nakagogoda nyumba ndi nyumba mpaka adapeza nkhalamba ziwiri. Jeneza, chonyamulira maliro chija, limafuna anthu anayi. Adanyamula atatu. Ine ndidali m'bulangete masanasana, ndikutuluka thukuta la manyazi.

Lachisanu titatuluka mumzikiti ndidamukokera pambali. Ndinene zoona, ndinkafuna kumva kuti nayenso adali ndi kake kumtima, kuti ndipezeko mpumulo.

"A Hussain, mudachitiranji zimene zija? Munthuyo simunkamwerana naye madzi."

"Ndipo sindidamukonde mpaka kumanda," adayankha. "Ndinkadzifunira ndekha mphoto kwa Mulungu. Komanso maliro n'kulirana. Sindifuna kudzaolera pamkeka."

Mtima wanga udakhala pansi. Basi, dyera lokhalokha!

"Ine ndiye ndinkamukonda zenizeni," ndidatero.

Hussain adavala nsapato zake mosafulumira, kenaka adandiyang'ana.

"Mukadabwera nacho chikondi chanucho kuti chigwire ngodya yachinayi. Pamtsetse paja tidamugwetsa kawiri."