Telala Wosapemphera wa ku Mzilikazi

Makina osokera anali kulira pakhonde pamene amayi Evelina anakankha geti, thukuta lili kamukamu, atangotsika kombi yochokera ku Iminyela. Iwowa anali wapampando wa Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndipo anabwera kudzatenga mabulauzi oyera a amayi amene ankayembekezera kuvekedwa yunifolomu.

"Odi kuno kwa akunja," anatero.

"Lowani, oyera mtima," anayankha a Fanizani Mbewe osatukula mutu. "Koma mupenye pansi, pagwa singano. Ikakubayani, wozula ndine wakunja yemweyu."

Mzilikazi yonse, dera la mumzinda wa Bulawayo, inkawadziwa a Fanizani pa zinthu ziwiri: kusoka bwino ndi kusapemphera. Anagwira ntchito yodula nsalu pafakitale ina ya zovala ku Belmont mpaka tsiku limene inatsekedwa, ndipo chichokereni kumeneko ankasokera pakhomo. Chodabwitsa n'chakuti mabulauzi onse a Chigwirizano, aja amayera mbee m'tchalitchi Lachinayi, ankatuluka m'manja mwa munthu amene ankanena poyera kuti kumwamba kuli mitambo basi.

Akazi awo, amayi Ketty, anatuluka ndi mabulauziwo atawasita. Iwo ndiye anali a tchalitchi enieni. Kusesa m'kachisi ndi iwo, kuphika pamaliro ndi iwo, nyimbo ikasowa woyambitsa ndi iwo. Koma Lachinayi ankakhala pabenchi lakumbuyo atavala chitenje wamba, chifukwa lamulo linkati mayi wapabanja savekedwa yunifolomu ukwati wake usanadalitsidwe m'tchalitchi. Wawo unali wa ankhoswe okha, ndipo adzukulu anali atayamba kale sukulu.

Amayi Evelina anatenga bulauzi imodzi n'kuiyesa pachifuwa pa mnzawoyo.

"Ikanakukhalani bwanji, sisi. Dzina lanu ndinalitchulanso kwa akulu a mpingo. Yankho ndi lomwe lija." Anaponya diso kwa telala. "Chipika chili panjira ndi chimodzi, ndipo chili ndi ndevu."

"Chipikacho chamva," anatero a Fanizani.

Mlendo atapita, amayi Ketty anakhala pa sitepe n'kutambasula miyendo yawo yotupa ndi shuga. Mwezi wapitawo anali ataika m'manda mnzawo wa pabenchi lomwelo, Winifred, amenenso anafa asanavekedwe. Amayi a Chigwirizano anabwera ndithu, anaimba ndithu, koma atavala zovala za kunyumba. Panalibe mzere woyera woperekeza bokosi, panalibe bulauzi yoyala pamwamba pake.

"Bambo a Thandeka, ine sindikufuna kudzapita ngati Winifred."

Makina anasiya kulira.

"Nsaluyi ndimagula ndekha m'tauni, Nabanda. Ndikusokerani ngakhale khumi, muzisinthanitsa pompano."

"Yosoka inu ndi nsalu. Yoveka anzanga ndi chinthu china."

"Ndiye mukufuna ndikabatizidwe ndi imvi zonsezi? Ndikaime kutsogolo n'kunena kuti ndikukhulupirira?" Anavula magalasi. "Ine ndinamufunafuna Mulungu wanuyo, mukudziwa. Tsiku limene ankatseka fakitale tinagwada pageti khamu lonse, ine ndinagwada nawo mpaka mawondo ananyuka. Loko sanatseguke. Sindidana naye ayi. Ndingadane bwanji ndi munthu amene sindinakumanepo naye?"

Amayi Ketty anangosisita miyendo yawo. Mkangano umenewu anali ataudziwa ngati njira ya kuchimbudzi, kumene ukuyambira ndi kumene ukuthera.

Loweruka kunabwera mchimwene wa amayi Ketty, a Robert, mkulu wa mpingo wovala tayi ngakhale popita kokagula tomato. Amayi Ketty anali kutsuka mbale kuseri kwa chitseko, ndipo mbale imodzi inatsukidwa mpaka kuonda.

"Alamu, nkhaniyi ndi yaing'ono," anayamba a Robert motsitsa mawu. "Mungokanena inde pa zonse. Pakamwa pokha. Mukuganiza kuti amuna onse aja mumawaona m'masuti anatembenuka mtima? Ena anangotsatira mpunga."

"Ndiye mukundituma kukanama m'nyumba ya Bwana wanu?"

"Si kunama kwenikweni."

"Inu mumati amaona zonse, mpaka za mumtima. Ine ndimati kulibe. Nanga bwanji woopa kumunamiza ndine, osati inu?"

A Robert anakonza tayi imene inali yowongoka kale, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msonkhano ku Mpopoma.

Kuseri kwa chitseko amayi Ketty anapezeka akumwetulira, ngakhale kuti yankho limenelo linkawatsekera iwo omwe njira. Bambo ameneyu pa zaka zonsezi sanawanamizepo, ngakhale bodza lokometsera ndiwo zopserera. Koma kumwetulira sikuveka munthu bulauzi. Anapukuta manja n'kuyamba kuganiza.

Mpingo unali utalandira abusa atsopano, a Newton Zulu, mnyamata wobadwira mu Bulawayo momwemo, amene Chichewa chake chinkayenda chotsamira pa Chindebele ngati wodwala mwendo. Lamulungu amayi Ketty anawayang'anitsitsa akutsika paguwa, ndipo anaona zimene ankafuna: thalauza la abusa linkasesa pansi.

"Abusa, thalauzalo likutha ndi fumbi. Bwerani nalo kwathu Lachiwiri, kuli telala."

Lachiwiri masana abusa anapezeka ataimikidwa pa kampando pakhonde la a Mbewe, manja ali m'mbali ngati mwana wopatsidwa chilango, a Fanizani atagwada pansi ndi mapini kukamwa.

"Taonani zachilendo," anatero amayi Ketty ali pakhomo. "Bambo a Thandeka agwadira abusa."

"Ndagwadira thalauza," anang'ung'udza a Fanizani.

Abusa anatsokomola pang'ono. "Baba, ndamva kuti inu simukhulupirira."

"Mwamva zoona. Imani bwino."

"Koma thalauza ili, angithi lili ndi amene analisoka? Nanga dziko lonseli, dzuwa, mvula, ana obadwa ndi zala zokwanira, zingakhale zopanda wozisoka?"

A Fanizani anachotsa mapini kukamwa. "Thalauza likatuluka mwendo wina wautali wina waufupi, wosokayo timamupeza n'kumubwezera kuti akonze. Dziko lino miyendo yake njosiyana kwambiri, abusa. Wina akutaya chakudya, wina mwana wake akufa ndi njala. Mukalibweze kwa yani?"

Abusa akale aja pamenepa ankatsegula Baibulo n'kuyamba kunena za moto. Koma awa anangoyang'ana denga la khonde kwa kanthawi.

"Yankho lokhutiritsa ndilibe, baba. Funso limenelo nanenso limandipeza ndikaima pambali pa bedi kuchipatala. Kusiyana kwathu n'kwakuti ine ndikafunsa ndimamva ngati pali amene akumvetsera. Inu simumva choncho. Sindingakukakamizeni khutu."

"Tembenukani," anatero a Fanizani.

"Ine ndinatembenuka kale, baba."

"Ndikunena thupi, ndione kumbuyoku."

Anaseka onse atatu, ndipo amayi Ketty anaona kuti chitseko chatseguka pang'ono. Analowetsa phazi.

"Abusa, ine ndikufuna kuvekedwa ndisanafe. Bambowa akuti sangabatizidwe monama."

"Kubatizidwa?" Abusa anatsika pakampando. "Ndani ananena za ubatizo? Membala ndi inu, mama. Kwa baba timangofunsa ngati adzakusungani mpaka imfa. Basi."

Amayi Ketty anayang'ana amuna awo, amuna awo anayang'ana mapini. Zaka zonsezi aliyense ankangobwereza zimene anamva kwa mnzake, a Robert anamva kwa akulu akale, akulu akale anamva kwa amene anamwalira, ndipo panalibe anapita kukafunsa mwini ntchito.

"Safunsa anadya phula," anatero mayiwo. "Ife tadya chidebe."

Koma a Fanizani anali asanathe. "Maukwati ndimapitako, abusa, madiresi ake ndimasoka ndine. Mumati, pamaso pa Mulungu. Ndikalonjeza pamaso pa amene ndikuti kulibe, ndiye kuti ndalonjeza pamaso pa mphepo. Mkazi uyu sindingamupatse lonjezo la mphepo."

Abusa anatsegula pakamwa, koma amayi Ketty anawatsogolera.

"Bambo a Thandeka, ine mukundiona kapena simukundiona?"

"Ndikukuonani. Mwadzaza khomo lonse."

"Ndiye lonjezani pamaso panga. Mulungu ndi wanga, makutu ali nawo. Adzamva yekha popanda inu kumuitana."

Kumsewu kondakitala wa kombi ankaitanira anthu a m'tauni.

"Ndingafunse choncho," anatero abusa pang'onopang'ono. "Pamaso pa mkazi uyu ndi pa mpingo uwu. Pemphero ndi ntchito yanga. Ameni simukakamizidwa. Akulu ena adzadandaula, koma ameneyo ndi katundu wanga."

"Ndipo musadzauze anthu kuti Mbewe watembenuka mtima."

"Sindidzanena bodza, baba. Ndamva kuti pakhomo pano sililowa."

A Fanizani anapinda mpendero wa thalauza, anauyang'ana nthawi yaitali ngati muli nkhani ina m'menemo, kenaka anati, "Nabanda, bweretsani tepi. Ndikuyeseni mapewa."

Ukwati unadalitsidwa Lamulungu lina pambuyo pa mapemphero, popanda keke, popanda galimoto za maluwa. Mwana wawo Thandeka anabwera kuchokera ku Joni ndi adzukulu, amene ankangoseka kuona gogo ndi khulu, monga ankawatchulira agogo awo awiriwo, akugwirana manja pagulu. A Fanizani anayankha funso lawo mokweza, mpaka a kumbuyo anamva. Pa nthawi ya pemphero anaima mwaulemu, maso ali gwa, akuyang'ana kolala ya a Robert imene inasokedwa mokhota ndi telala wina.

Lachinayi lotsatira amayi a Chigwirizano anawazungulira amayi Ketty, anawaveka bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku, n'kuwatenga pamkono kuchoka kumbuyo kuja kupita nawo kutsogolo. Mayi amene ankayambitsa nyimbo za anthu onse, tsiku limenelo anaimbiridwa ndi anzawo. Anangoyenda, miyendo yotupa ija ikuponda ngati ya mtsikana.

Madzulo gulu lonse linawaperekeza mpaka pageti, msewu wonse uli mbuu. A Fanizani anaimirira pamakina awo.

"Yehova wakukolani, a Mbewe," anafuula amayi Evelina. "Mwalowa kamodzi, mudzalowanso."

"Ndidzalowa ndithu, mayi. Makatani a m'tchalitchi mwanu ang'ambika, ndawaona."

Anthu atabalalika, amayi Ketty analowa m'nyumba osavula yunifolomu. Anagwira mpando, anatsitsa bondo limodzi, kenaka linalo, n'kuyamba kupemphera mokweza monga mwa chizolowezi chawo. Anathokoza chifukwa cha abusa a thalauza lalitali. Anathokoza chifukwa cha Winifred, n'kupempha kuti kumeneko amuveke. Kenaka anati, "Ndipo zikomo, Atate, chifukwa cha bambo uyu amene akuti kulibe inu. Munandipatsa wouma mutu, koma simunandipatse wabodza."

A Fanizani anali ataima pakhomo, akumvetsera.

"Wosoka ndine, woima kutsogolo ndine, zikomo akupita kwina?"

"Ndapereka kumene ndimapereka," anatero amayi Ketty osatsegula maso. "Mukagawane nokha."

"Ndikamupeza kuti?"

"Zimenezo ndi za inu awiri. Bwerani mundidzutse, mawondo akana."

A Fanizani anabwera, anayamba apukuta manja pa thalauza kuti mafuta a makina asadetse bulauzi, n'kuwagwira m'khwapa mosamala mpaka anaimirira.