Makapisozi M'madzi a Anapiye

Woweta nkhuku wina anamulakwira mkazi wake chaka chimene anamanga khola lachiwiri, ndipo sanapepese.

Mayiyo anayamba kumva kuyabwa kumaso, kenako kutuluka chikazi chachilendo, chonunkha ngati nsomba yoola. Ankasamba mpaka khungu kutuwa, koma fungo osachoka. M'minibasi ankakhala atapana miyendo, maso ali pansi.

Kuchipatala namwino sanamubisire. "Mayi, si uve ayi. M'njira ya mkazi mumakhala tizilombo tabwino toteteza. Tina tobwera pogonana ndi timene tapitikitsa tabwinoto. Mukachedwa tikwera m'chiberekero, mwana mudzamusowa. Mankhwalawa mukamwe nonse awiri."

Bamboyo atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndikudwala pati? Wandiona ndikukanda? Wonunkha ndiwe!" Komabe analanda kapepala ka makapisozi ake n'kuponya m'thumba.

Mayi anamwa ake, anachira. Mwezi usanathe, fungo lija ilo labwerera, pamodzi ndi kupweteka kwa pachinena. Apongozi ake aakazi anafika ndi mtanda wa sopo, n'kuuika patebulo alendo akuona.

"Mwananga, madzi sanathe m'dziko muno. Mwana wanga wayamba kugona choyang'ana kukhoma."

Mayi analandira ndi manja awiri, nathokoza.

M'mawa wina analowa m'khola kukasintha madzi a anapiye. M'chomweramo munali kuyandama tizikhungwa ta makapisozi, tofiira ndi tachikasu, titafewa pakati pa zitosi ndi utuchi. Anatola kamodzi, kanamata kuchala ngati mamina. Anapita nako kwa mwamuna wake.

"Bambo, awa si mankhwala anu aja?"

"Anapiye akutsegula m'mimba. Ndiwasiye afe? Iwowo ndiye akudwala zooneka."

Madzulo ake bamboyo anabwera malaya akununkha mafuta odzola a mkazi wina. Atadya anakoka bulangete, osayang'ananso kukhoma. Mayi anati m'mimba mukupweteka. Iye anati mkazi wokwatiwa sakana.

Ulendo wotsatira kuchipatala mayi anapeza namwino wina, wapakamwa. Namwinoyo anafuula anthu onse pamzere akumva: "Inunso mwabwera ndi zomwezi? Kodi simumva? Abambo ali kuti?"

Mayi anagwira pachinena. Bambo anali kumsika, akugulitsa nkhuku. Mpaka lero sanamezepo kapisozi ndi mmodzi yemwe, ndipo kwawo kwa mwamuna amati mkazi uja ndi wauve, n'chifukwa chake sakubereka.