Netiweki Inathera pa Khomo la Amama

Nyumba yathu ku Chilomoni ili m'chigwa, kunsi kwa phiri, kumene netiweki ya foni imangosuzumira n'kubwerera. Ukafuna kuimba umakwera mpaka kumsewu, n'kukaima pafupi ndi amayi ogulitsa makala. Intaneti yodalirika m'nyumba muno ndi ya kuntchito kwa amuna anga, a Flexon. Abwana awo anawaikira kambale padenga, ndipo chingwe chake chimatsika pakhoma, kulowera pazenera la pabalaza, n'kukathera kuseri kwa kompyuta ya patebulo. Ine ntchito yanga pa chikompyuta chimenecho inali yopukuta fumbi basi.

Uthenga wa maliro unatipezanso pakompyuta pomwepo. A Chipulikano, amalume awo a Flexon, anali atatisiya kwawo ku Rumphi. Anali mlongo wawo yekhayo wotsala wa apongozi anga, amene tonse timawatcha Amama. Nthawi imeneyo n'kuti Amama ali chigonere kuchipinda cha kumapeto, ataikidwa chitsulo m'chiuno chifukwa choterereka m'bafa. Adokotala anatiuza mosapsatira kuti tisawanyamule, tisawakhazike ngakhale pampando, mpaka fupa litagwira. Kungowatembenuza powasintha nsalu ankabuula ndi ululu. Zoti Amama apite ku Rumphi panalibe ndi mmodzi yemwe anaziyambitsa.

Amama sanalire mokweza. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti aone nkhope bokosi lisanatsekedwe. Anati makolo awo anawaona, amuna awo anawaona, ndipo sangalole kuti mlongo wawo alowe m'nthaka iwo akungomva za m'maluwa.

A Flexon anakwera kumsewu kukalankhula pafoni ndi akuluakulu a kumudzi. Poyamba anakana, ati maliro si kanema. Kenako anafewa, poti wopempha ndi mlongo wake wa malemu. Anagwirizana kuti nthawi yoona nkhope ikakwana, a Flexon adzaimbe ya vidiyo kwa kanthawi kochepa, koma pasakhale kujambula chithunzi kulikonse, kuno kapena kumeneko. A Flexon analonjeza, nane anandilonjezetsa.

Asananyamuke ulendo wa kumaliro anathamangira m'tauni n'kubwera ndi kachipangizo kakang'ono konga fulashi. Anakabaya kuseri kwa kompyuta, n'kundifotokozera kuti kameneka kazitenga intaneti ya m'chingwe n'kumaiuluzira m'nyumba, foni yanga izingotola. Anadina apa ndi apo, anayatsa chimene amati hotisipoti, anandilembera pasiwedi m'foni, mauthenga n'kuyamba kugwa ngati mvula. Tinasangalala titaima pabalaza pomwepo, chikwama chili paphewa, iwo akudandaula kuti basi iwasiya. Anapita kukatsanzikana ndi Amama, koma foni tinaisiya patebulo. Amuna anga ndi munthu woti chinthu chikangoyaka amati chatheka.

M'mawa wa tsiku loika ndinawasambitsa Amama ndi kansalu, ndinawamanga duku loyera monga anafunira, n'kuwavalika magalasi awo. Anati akufuna mlongo wawo awapeze ali aukhondo. Ndinayatsa kompyuta mtima uli m'mwamba kuopa kuti magetsi athima, koma tsiku limenelo magetsi anatichitira ulemu. Foni inalumikizana bwinobwino. Ndinainyamula kupita nayo kuchipinda kuti ndikaikonzere poikhazika.

Polowa mukhonde la m'kati, timizere ta wayifayi, toonetsa mphamvu ya intaneti pafoni, tinayamba kuchepa. Podutsa khomo la bafa panatsala kamodzi. Pa khomo la Amama kamzere kaja kankathima n'kuyaka. Nditangoponda m'chipinda, zonse zii. Ndinabwerera m'mbuyo, kanabwera. Ndinalowanso, kanapita. Ndinavina gule ameneyu kangapo, Amama akungondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ndinalemba uthenga kwa a Flexon nditaima mukhonde, koma sanauwerenge. Anali pakati pa mwambo, ndipo mwana wa mlongo wa malemu sangamaseweretse foni pamaso pa anthu. Ndinawatukwanira mumtima, kenako ndinawamvera chisoni, kenako ndinathamangira kwa Esther, neba wanga wosoka zovala.

Esther sadziwa za makompyuta kuposa ine, koma ndi munthu wosachedwa kugwira. Tinazula kachipangizo kaja kuseri n'kukabaya kutsogolo, poganiza kuti khoma likukatsekereza. Intaneti inazimiratu, ndipo ndinatuluka thukuta kufunafuna pamene a Flexon anadina, mpaka inabwerera. Phindu lake linali lochepa, kamzere kaja kanangolimba pang'ono pakhomo pomwe paja. Tinaganiza zosuntha kompyuta yonse. Ndinatenga mpeni n'kuzula timisomali togwira chingwe pakhoma, tinakoka tebulo, koma chingwe chinakana tisanafike ndi pakati pa balaza pomwe. Amene anachiika anachiyeza ngati akugawa nyama. Esther anaimika mbale yachitsulo kuseri kwa kachipangizoko, ati anaona ena akutero. Mbaleyo inangotionetsa nkhope zathu zotuwa.

Tinatembenukira ku bedi. Bedi la Amama ndi lamatabwa olemera, kalipentala analikhomera m'chipinda momwemo, ndipo silingadutse pakhomo ngakhale utalipembedza. Tinati tingolikankha lifike kufupi ndi khomo. Titangoligwedeza, mwendo wake unakodwa pamng'alu wa simenti, bedi linadumpha, Amama analuma nsalu. Misozi inatsikira m'makutu mwawo, koma anatikodola kuti tipitirize. Tinakankhanso mpaka linagunda kabati ya zovala yomangidwira kukhoma. Foni pamenepo inalibe kanthu.

“Ndinyamuleni,” anatero Amama. “Pamatiresi pomwepa. Mundigoneke pabalaza.”

Ndinawakumbutsa mawu a adokotala. Anati adokotala alibe mlongo ku Rumphi. Esther anatuluka kukafuna amuna oti atithandize, koma masana a pakati pa sabata m'dera lathu mumatsala azimayi, makanda ndi nkhuku. Anabwerako yekha. Tinayesa awiri, iye kumiyendo ine kumutu. Matiresi anapindika pakati, pamalo penipeni pa chitsulo, ndipo kulira kumene kunatuluka m'kamwa mwa Amama sindinakumvepo chibadwire. Maso awo anatembenuka. Tinawatsitsa pang'onopang'ono, ine ndikupemphera kuti tisakhale titaphwasula zimene madokotala anasoka.

Atatsitsimuka ananenanso kuti tiyesere kachiwiri. Ndinagwada pambali pa bedi n'kuwakanira. Chikwatiwire changa ndinali ndisanawakanirepo kanthu, ndipo zinandipweteka kuposa mmene ndingafotokozere. Sanandikalipire. Anangochotsa dzanja lawo m'dzanja langa.

Tili chomwecho, foni imene ndinaisiya pansi mukhonde inalira.

Ndinaitola nditaima pakhomo. A Flexon ankanong'ona, kumbuyo kwawo azimayi akuimba nyimbo ya Chitumbuka. Anati abale onse adutsa kale, atsala Amama okha, ndipo amuna aima ndi chivundikiro m'manja. Ndinayesa kuwauza kuti netiweki sikufika pabedi, koma mawu anga ankaduka, iwo n'kumangoti ndipereke foni msanga. Kenako anatembenuza foni yawo kuloza m'bokosi.

Ndinaona nsalu yoyera, ndi nkhope ya bambo wokalamba atatseka maso, ndevu zometedwa bwino. Ndinatambasula mkono kulowetsa foni m'chipinda, thupi langa litatsalira mukhonde, ndikuloza kumene kunali Amama. Anadzutsa mutu, anakonza magalasi, anatsinzinira. Maso awo ngakhale Baibulo amaliwerenga litagunda mphuno. Anati akungoona kuwala.

Ndiye ndinathamanga nayo. Ndinaganiza kuti chithunzi chikaima, chiimira pankhope pomwepo, ndipo ndikawafikitsira chisanazime. Chinaimadi, koma a Flexon anali atagwedeza dzanja. Chimene Amama anachilandira m'manja mwawo chinali m'mphepete mwa bokosi ndi nsapato ya munthu wina, pakati pake kamkombero kodikira netiweki kakuzungulira. Anachiyang'anitsitsa, akuchiyandikitsa kumaso, mpaka foni inadzidula yokha.

Ndinailanda n'kubwerera mukhonde. Ndinaimba, sinayankhidwe. Ndinaimbanso. Patapita kanthawi kunabwera uthenga wa a Flexon, wonena kuti atseka, akunyamula, ndi kufunsa ngati Amama aona bwino. Sindinawayankhe. Esther anali atakhala pansi pabalaza, pafupi ndi mbale yake ija, atagwira tsaya.

Ndinalowa m'chipinda n'kukhala pansi, msana nditatsamira bedi, chifukwa kuwayang'ana kunandikanika. Kenako ndinamva dzanja lawo pamutu panga.

“Olivia, iwe wawaona?”

“Ndawaona, Amama.”

“Ndiye undiuze. Anaonda kwambiri? Nkhope ija idakali yawo, kapena matenda anaisintha?”

A Chipulikano ndinali ndisanakumanepo nawo. Ku ukwati wathu sanabwere chifukwa cha mvula, ndipo ku Rumphi tinkangoti tidzapita chaka chamawa. Ndinaganiza zonama, kunena kuti anali monga kale, koma Amama akanandifunsa kuti kale lake liti.

“Sindikudziwa, Amama,” ndinatero. “Ine ndawaona lero lomwe.”

Anavula magalasi, anawapinda, n'kundipatsa kuti ndikawaike m'kabati.