Pulagi ya mu Mpango wa Doris

Eneya anali atamasulanso kabuleta ya njinga yake yamoto, tizitsulo take atatiyala pa thumba pansi pa mtengo wa mango, pamene mlamu wake Kaliati anatulukira kuseri kwa nkhokwe ali ndi munthu wina pambuyo.

"Alamu, lero ndakubweretserani dokotala," anatero Kaliati, mchimwene wa malemu mkazi wa Eneya. "Matenda a njinga yanuyi atitopetsa tonse. A Faiz a pa Chiringa mukuwadziwa."

Eneya ankawadziwa ndithu. Faiz anali makanika amene njinga zonse za kwa Nazombe zinkadutsa m'manja mwake. Munthu wotere sumunamiza pa nkhani ya injini, ndipo Eneya anali ndi bodza loti abise.

Nkhani yake inali yotere. Eneya anabwera m'mudzimo ngati mkamwini kuchokera kwa Mkhumba. Anamanga nyumba, analima munda wa mkazi wake Doris, ndipo mango amene anakhala pansi pakewo anabzala yekha. Doris anadwala nthawi yochepa m'nyengo yozizira, basi n'kupita. Nandolo atakololedwa, akuluakulu anachita mwambo womusudzula. Anamuthokoza, namuuza kuti tsopano ndi mfulu, atha kubwerera kwawo kukayamba moyo wina. Mawuwo anali okoma, koma fupa lake linali lolimba: nyumba ndi munda ndi za mbumba ya Doris, ndipo mwana wawo Aliness, kamtsikana ka Sitandade 2, nayenso ndi wa mbumba yomweyo. Adzatsala ndi mayi ake aang'ono.

M'mawa wa tsiku loti anyamuke, Eneya anamasula pulagi yabwino, kachitsulo kamene kamayatsa moto mu injini, n'kuikulunga mu mpango wa Doris n'kuibisa pansi m'sutikesi. M'malo mwake anaikamo pulagi yakale yakufa. Anthu atasonkhana kuti atsanzikane naye, iye anakika njingayo mpaka malaya kunyowa thukuta, koma inangoti duu. Kuyambira pamenepo tsiku lililonse njinga inkatulukira ndi matenda atsopano. Lero sefa ya mpweya, mawa tcheni, mkuja oyilo. Chigulireni sinasamalidwepo chotere. Ndipo tsiku lililonse limene inakana kulira, Eneya ankaperekeza mwana wake kusukulu, kumupesa tsitsi mokhotakhota monga amapesera abambo, ndi kumuwotchera mbatata pobwera.

Aliness sanauzidwe kanthu. Ankangodziwa kuti bambo ake akufuna kukaona agogo kwa Mkhumba koma njinga ikuwavuta. Akaweruka ankakhala pambali pawo n'kumawapatsira masipanala. "Ababa, musadandaule, idzalira," ankatero, ndipo mawuwo ankamulasa Eneya kuposa chitonzo chilichonse.

Tsopano Faiz anakhala chonjuta, nayamba kuyang'ana. Ananunkhiza petulo, anaunika timabowo ta kabuleta padzuwa, anagwira tcheni ndi chala.

"Achimwene, kabuleta yoyera ngati mbale ya mlendo," anatero akuseka. "Inu mumaikonza njingayi kapena mumaisambitsa kuti mukaikwatitse?"

"Ndikungoyesa apa ndi apo," anayankha Eneya, maso ali pansi.

"Akhala akuyesa chikhalire," analowererapo Kaliati. "Ine sindikuthamangitsa munthu, a Faiz. Koma mlongo wanga wamng'ono wapeza banja, mwamuna wake akudikira nyumba yomweyi. Minda yathu theka inakwiririka ndi miyala madzi aja atasefukira. Mbumba ikundidya ine, akuti ndalephera udindo."

Kaliati sanali munthu woipa, ndipo zimenezi n'zimene zinkapweteka. Pa maliro a Doris analira kuposa aliyense.

Faiz anabwezeretsa kabuleta, kenako anamasula pulagi. Anaigundanitsa ndi injini n'kukika kuti aone ngati ituluka moto. Sinathethekeko n'pang'ono pomwe. Anaitembenuza m'manja. Inali yadzimbiri, yong'aluka pakhosi, pulagi yoti sinayatsepo moto chaka chino, ili mu injini yonyezimira ngati yatsopano. Komanso Faiz mwiniyo ndi amene anagulitsa Eneya pulagi yatsopano Doris asanadwale. Anadzutsa mutu namuyang'ana Eneya. Eneya anangoponya maso kwa Aliness amene anali atagwirizira sipanala ndi manja onse awiri. Faiz anali ndi mapulagi m'chikwama chake, koma anachitseka pang'onopang'ono.

"Pulagi yatha, koma si yokhayi," anatero. "Koyilo nayonso yapsa. Mtundu umenewu ukusowa masiku ano, mpaka ndiitanitse ku Limbe. Zitenga kanthawi."

"Kanthawi kenanso!" anadandaula Kaliati. "Paja amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa lawakanika."

"Chaona mnzako chapita, a Kaliati, mawa chili pa inu," anatero Faiz mofatsa. "Inunso kumene munakwatira ndinu mkamwini."

Eneya anaona kuti wapulumuka. Sanazindikire kuti Aliness waponya sipanala pansi n'kuthamangira m'nyumba. Anamuona akutuluka, atanyamula mpango wobiriwira umene Doris ankavala popita kutchalitchi.

"Ababa! Kanthu kotere kaliponso!" anafuula mwanayo, akupuma mwawefuwefu. Anatambasula mpangowo pamaso pa onse. Pulagi yatsopano inanyezimira padzuwa. "Ndimakapeza ndikamanunkhiza mpango wa amayi. Ndinkayesa n'ka amayi, n'chifukwa sindinanene. Kangathandize?"

Eneya sankadziwa kuti mwana wake amatsegula sutikesi ija payekha kukafuna fungo la mayi ake. Iye ankayesa kuti wabisa chinthu pamalo pamene palibe angafikepo, osadziwa kuti n'pamene mwanayo amapita kukalira.

Kaliati anayang'ana pulagi, nayang'ana mlamu wake. Sanakalipe. Anangokhala pansi pa muzu wa mango, navula chipewa.

"Mwina nayonso ndi yakufa," anatero Faiz, akutambasula dzanja kuti ailandire. "Patseni ndikaiyese ku Chiringa."

Njira yothawira inali imeneyo, yotseguka bwinobwino. Koma Aliness anali ataima chilili, maso akuwala, akudikira kumva kuti wachotsa vuto limene lazunza bambo ake masiku onsewa. Eneya anaona kuti akavomera, ndiye kuti wanamiza mwana pamaso pa mpango wa mayi ake, ndipo mawa adzamunamizanso, mpaka tsiku limene mwanayo adzazindikire yekha. Fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo mphika wake unali kamtsikana aka.

"Ayi, a Faiz, zikomo," anatero. "Ndi yamoyo. Bwera nayo kuno, mayi."

Anaipukuta ndi malaya ake, naimanga ndi zala kaye monga ankachitira nthawi zonse kuti asawononge mazinga, kenako anamaliza ndi sipanala. Anatsegula petulo. M'mtima anapempha kuti mwina pa kumasulamasula konse kuja pali chimene anawonongadi. Anakika kamodzi kokha, ndipo njinga inalira mosalala, mwaulemu, ngati ikuthokoza chisamaliro chonse chija.

"Yalira! Yalira!" Aliness analumphalumpha akuwomba m'manja. "Atsibweni, mwaona? Ndakonza ndine!"

"Wakonza ndiwe, mwanawe," anayankha Kaliati. Anadzuka, napukuta m'maso ndi chipewa chija. "Alamu, lero gonani. Zinazo n'zamawa. Pakhomo pano mudzafika nthawi iliyonse, palibe adzakufunseni."

Eneya anavomera ndi mutu. Ankadziwa kuti Kaliati akunena zochokera pansi pa mtima. Ankadziwanso kuti wobwera kudzacheza amakhala pampando pabwalo, amapatsidwa madzi akumwa, ndipo dzuwa likapendeka amatsanzika.

Alendo atapita, anamukhazika Aliness pathumba paja namuuza zonse, osazungulira. Anamuuza kuti ulendo wa kwa Mkhumba si wokaona agogo n'kubwerako, kuti iye azigona kwa mayi ake aang'ono, ndipo bambo azibwera kudzamuona. Mwanayo sanalire. Anangofunsa kuti, "Ndiye njinga ikanapanda kulira, mukanakhala?" Eneya anawerama nayamba kutolera masipanala. Aliness anapinda mpango wa mayi ake n'kulowa nawo m'nyumba.

Kutacha, Eneya anamanga chikwama cha zovala, khasu ndi bokosi la masipanala kumbuyo kwa njinga ndi malamba a mphira. Zaka zonse zija za pamudzipo zinakwana pa kariyala imodzi, malo n'kutsalako. Azimayi a mbumba anaima chapatali, Kaliati ali patsogolo pawo, manja kumbuyo. Aliness anatuluka atavala yunifolomu, tsitsi losapesa, dzanja limodzi atafumbata. Anafika pafupi kwambiri kuti ena asamve, natambasula chikhatho. Munali pulagi yadzimbiri ija, imene anaitola pansi pa mango.

"Ababa," ananong'ona, "bwezeranimo iyi. Sindiuza munthu."

Eneya anagwada m'fumbi, namukumbatira mwana wake, nalira poyera pamaso pa apongozi onse, chinthu chimene ngakhale kumanda sanachite. Kenako anatenga chipeso m'thumba, namupesa komaliza, mokhotakhota momwemo. Pulagi ija anailandira n'kuiika m'thumba la pachifuwa.

"Ndibwera Loweruka," anatero. "Ukamva njinga, udziwe kuti ndine."

Anatsikira m'chigwa cha Phalombe dzuwa likuyamba kutentha. Msewu unali wa mabampu ndi mchenga, wodutsa m'minda ya mpunga youma, msewu umene umagwetsa tcheni ndi kutsamwitsa injini za anthu ena. Eneya anatchera khutu njira yonse, akudikira kaphokoso kalikonse koti kamupatse chifukwa chobwerera. Njingayo sinatsokomole n'kamodzi komwe mpaka kwa Mkhumba.