Kontena ya Malemu

Chimwalirireni bambo ake, Gelson sanatsegulepo kontena imene malemuwo ankagulitsiramo sopo ndi mafuta ku Nhartanda. Yunivesite anaisiya ku Beira pobwera kumaliro, ndipo ntchito yokha imene ankaigwira mokhulupirika inali yoyenda ndi kiyi m'thumba. Bambo ake aang'ono, a Américo, akati nthawi yogawa zovala za malemu yakwana, iye ankayankha kuti kiyi inasowa.

Kenako mwini malo anati kontena ichoke, akufuna kumangapo nyumba zogona anthu a kumigodi ya malasha. Gelson anaganiza zoisamutsira kwa mayi ake ku Matema ili chitsekere.

Guruwa, chigalimoto cha mkono wautali chija, inali yosowa masiku amenewo. Zonse zinkanyamula zitsulo ku Moatize. Anaipeza Lamulungu, atanyengerera woyendetsa wake, Stélio, ngati akufunsira mbeta.

"Mulibe kanthu m'katimu, achimwene?" anafunsa Stélio akukoleka matcheni m'makona.

"Mphepo yokhayokha," anatero Gelson molimba nkhope, mayi ake ndi a Américo akumvetsera.

Injini inalira, matcheni anakungika, kontena inanyamuka. Koma inanyamuka makoma ndi denga lokha. Pansi pake, pamene madzi a Zambezi ankanyambita dzinja lililonse, panali patadyeka ndi dzimbiri, matabwa ake atawola, ndipo panatsala pomwepo ndi zonse zimene panasenza: makatoni a sopo, wailesi, mpando wopindika mwendo, jekete yabulawuni ya malemu ili chikolekere pampandopo. Loko wa pachitseko anakwera kumwamba ali wokhoma bwinobwino.

"Mphepo yanu ndi yolemera, achimwene!" anakuwa Stélio.

Mayi ake, a Ernestina, anagwira pakamwa ndi chitenje. Gelson ankayesa akulira, koma anali kuseka, koyamba chichitikireni maliro.

"Kiyi ija usaifunenso, mwanangu. Bambo ako atsegula okha."

Gelson anakwera pamatabwa owolawo nanyamula jekete. Inkanunkhabe fodya ndi sopo. Anakhala pampando uja, misozi n'kuyamba kutsika, anthu a m'njira akuonerera mwana wa sukulu amene anabwereka guruwa yonse kuti imugwirire mthunzi.

"Nanga chigobachi ndipite nacho kuti?" anafunsa Stélio.

"Tachigwirani kaye pomwepo," anayankha Gelson.

Atapukuta kumaso, Gelson anapinda jekete ija, nagwada, n'kuipereka kwa a Américo ndi manja awiri.